Batani la m'chitini cha polishi

Amuna anga anasiya kulankhula chaka chimene mbatata ya kachewere inapsa ndi chiwawu m'madimba onse a kuno. Anali wocheka matabwa ku Phiri la Dedza. Tsiku limenelo anangokhala pansi pambali pa chipika cha paini, anzawo n'kumayesa akupuma. Anabwera nawo pa lole, atawagoneka pamwamba pa matabwa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali yakumanja inafa yonse, mwendo wakumanzere unatha mphamvu, ndipo pakamwa panatsala kaliwu kamodzi kopanda tanthauzo. Chimene chinatsala chamoyo ndi dzanja lamanzere, koma nalonso linkanjenjemera.

Nzeru zawo zinalipo zonse. Zimenezo ndinkaziona m'maso. Akafuna kanthu ankandiyang'ana, ine n'kuyamba kutchula: madzi, phala, bulangete, chidebe. Ndikalephera kupeza ankatseka maso, misozi n'kumatsikira m'khutu. Munthu amene ankatha kukangana ndi woyendetsa lole mpaka mtengo wa thabwa utakwera, tsopano sankatha kundiuza kuti nyerere yalowa m'malaya.

Tinali ndi mwana wamkazi, yekhayo amene anakula. Anaphunzira zamakompyuta ku Lilongwe. Ntchito sinapezeke, ndipo atamva za bambo ake anabwerera kumudzi ndi chikwama cha zovala ndi laputopu yakale yong'aluka pakona, yomata ndi tepi. Padenga tinali ndi kasola kakang'ono kochajira mafoni. Iye anakakonza kuti kazidyetsanso laputopuyo.

Anationa tikuvutika kwa milungu ingapo. Kenako tsiku lina anapempha chitini cha polishi wa nsapato chimene chinali pazenera. Anachitsuka, anachiboola pambali, n'kuikamo zam'kati mwa kachipangizo kena kakale ka kompyuta. M'chitinimo munatuluka waya wopita ku laputopu. Ukakanikiza chivindikiro chinkalira kuti "tha". Anati limeneli ndi batani la ababa.

Anajambula ndi foni zinthu za m'nyumba mwathu momwemo: kapu yathu yobiriwira, bulangete, chidebe, wailesi, khomo, nkhope yanga, nkhope yake. Anajambulanso mwendo, msana, mutu, mimba, pakamwa. Zithunzizo zinkadutsa pagalasi la laputopu chimodzichimodzi, pang'onopang'ono. Chikafika chimene bambo ake akufuna, iwo ankakanikiza chitini, laputopu n'kutchula mawu ake. Pambuyo pake anawonjezera zilembo, chifukwa amuna anga anapita patali ndi sukulu kuposa ine. Ine ndinalekezera sitandade 3.

Poyamba mawu otuluka m'laputopumo anali a mwanayo. Tsiku limene zilembo zinayamba kugwira, tinakhala tikudikira kumva kuti munthu amene wakhala miyezi osalankhula ayamba ndi chiyani. Ine ndinkaganiza kuti atchula Mulungu, kapena ine. Anatenga nthawi yaitali, thukuta lili pamphumi. Mwanayo anawerenga pagalasi, n'kugwa chagada ndi phwete.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti, sindine mkazi."

Choncho tinatumiza uthenga ku Kaphuka, kwawo kwa amuna anga, kuti mng'ono wawo abwere. Mawu a awiriwa ankafanana kuyambira kale. Alamu angawo anakhala pampando tsiku lonse akutchula mawu mufoni: madzi, ndikumva kuwawa, nditembenuzeni, mkazi wanga, mwana wanga.

"Achimwene, mwandibwereka pakamwa," anatero. "Musakatukwanire anthu, adzandimenya ine."

Amuna anga anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope.

Chimene chinavuta kwambiri chinali dzanja lija. Pofuna kukanikiza kamodzi, linkagunda chitini kangapo, laputopu n'kutchula zimene sanafune. Mwanayo anakhala pamphasa pambali pa bedi kwa milungu yambiri. Ankati, "Ababa, kanikizaninso." Akakanikiza, iye ankasintha kanthu. "Kanikizaninso." Ankayesa m'mawa kukuzizira, ankayesa masana atadya, chifukwa anati dzanjalo silinjenjemera mofanana nthawi zonse. Kenako zinakhazikika. Laputopu inayamba kusiyanitsa kunjenjemera ndi kukanikiza kwenikweni.

Tsiku lina ndikusankha nyemba pakhomo la chipinda, ndinamufunsa kuti kodi chinthu chimenechi chimamva bwanji zimene iye walemba.

"Sichimva chokha, amayi. Muli womasulira m'menemu. Amawerenga mzere umodzi wa zimene ndalemba, n'kuchita. Kenako mzere wina."

"Ngati akatekisiti aja ankamasulira ansembe achizungu?"

"Ngati amenewo. Koma womasulirayo si mwini mudzi. Ndi mkamwini, ngati ababawa. Akafuna khasu sangangolowa m'nkhokwe, ayenera kupempha eni ake."

Bambo ake anatulutsa kaliwu kaja, ndipo tinadziwa kuti akutsutsa.

"Pepani ababa, koma ndi zoona," anatero akuseka. "Eni mudziwo timawatcha sisitimu. Ndiwo amasunga sipika, galasi, ndi pobayira waya ponse. Sisitimu zilipo zamitundu ingapo, ndipo iliyonse ili ndi kapemphedwe kake. Pulogalamu yangayi ikadzuka imayamba yafunsa kuti, kodi ndili pamudzi pa yani? Ikamva kuti ili pa sisitimu iyi ndimagwiritsa ineyi, imadziwa mopemphera batani ndi sipika. Ikakhala pa ina ija ili m'makompyuta ambiri, siidziwa ponyamulira mwendo. Gawo limenelo sindinalembe. Ndidzalemba tikakolola."

Anandipatsa kafulashi kakang'ono ngati chala. Anati pulogalamu yonse, zithunzi ndi mawu a bambo ake aang'ono, wakopera m'menemo, kuti laputopu ikadzawonongeka tisadzayambirenso. Ndinakaika m'kathumba kamene ndimasungira korona.

Chaka chimenecho amuna anga anabwerera m'nyumba. Ankandiuza kuti ndachedwa kuthira feteleza wachiwiri. Ankafuna mpira pawailesi. Anandidzudzula kuti ndagulitsa mbuzi yolakwika. Ankanena kuti bulangete lofiira limayabwa, chinthu chimene ndinawafunditsa miyezi yonse ija osadziwa. Chachikulu chinali chakuti pakawawa ankanena pamene pakuwawa. Ankakanikiza msana, ine n'kuwatembenuza chilonda chisanayambe. Anthu a mphakati wathu akabwera kudzapemphera nawo, iwo ankadikira mpaka pemphero lithe, n'kukanikiza "amen" ndi mawu a mng'ono wawo.

Mwanayo anamwalira nthawi ya mvula, chimanga chisanamasule. Ankachokera ku Mayani pa njinga yamoto ya kabaza, atakagula mankhwala a bambo ake. Anakumana ndi lole pamalo poterera. Woyendetsa njingayo anathyoka mwendo. Mwana wanga anafera pomwepo. Mankhwalawo anandibweretsera munthu wina m'jumbo yake yomweyo.

Ndinawauza ndekha bambo ake. Sindinafune kuti amve ndi kulira kwa anthu.

Maliro ali m'nyumba, azimayi atadzaza pabalaza, amuna anga anali kuchipinda ndi laputopu yawo monga mwa masiku onse. Nyimbo ina itatha kunakhala kachete, ndipo kuchipindako kunamveka mawu aamuna, omveka bwino: "Mwana wanga." Patapita kanthawi, zithunzi zitazungulira: "Mwana wanga." Sanasiye. Nkhope yake ikafika pagalasi, ankakanikiza.

Azimayi ena anadzuka n'kutuluka. Pamudzi pathu ena ndife a tchalitchi, ena ndi a kudambwe, koma pa nkhani ya maliro timaopa zofanana. Akuluakulu anati chinthu cha malemu chikumuitana malemu, ndipo woitanidwa chotero sapita, amazungulira pakhomo. Nkhaniyo inafika kwa alongo anga aakulu, amene ndiwo mwini mbumba yathu. Mwana wa mlongo wawo ndi wawo, ndipo katundu wake ndiwo amayankhira.

Analowa kuchipinda atavula chipewa.

"Achemwali, katundu yense wa mwanayu atuluke. Akakhale kwanga mpaka tsiku logawa."

"Zovala tengani, achimwene. Mabuku tengani. Koma ichi si cha mwana. Ndi pakamwa pa bambo ake."

"Anagula ndani?"

"Anagula ndi iye."

"Ndiye n'chake. Simukumva mmene anthu akulankhulira panjapo? Mukufuna mwanayu asagone?"

"Nanga awa alankhula ndi chiyani?"

"Ndi masiku ochepa. Ndidzabweza ndekha ndi manja angawa." Anatembenukira kwa amuna anga. "Alamu, pepani. Mwambo mukuudziwa."

Amuna anga anayamba kusaka zilembo, koma zilembo zimachedwa. Alongo anga anadikira pang'ono, kenako anatseka laputopu n'kuzula waya. Chitini anachisiya pabedi. Anayesa ndi polishi.

Sindikuwanenera zoipa alongo anga. Ndiwo anagula bokosi, ndiwo anathamanga ndi zonse. Ndipo mkamwini, ngakhale wolankhula, sakanawaletsa pa tsiku ngati limenelo.

Masiku ochepa aja anakhala milungu yambiri, chifukwa achibale ena anali kutali ndipo katundu sagawidwa ena palibe. Tinabwerera ku kutchula: madzi, phala, bulangete, chidebe. Ine mutu unali wosagwira. Nthawi zina ndinkafunsa chinthu chimodzi kawiri. Iwo ankasunga dzanja pa chitini chimene waya wake sunkalowa paliponse, n'kumakanikiza.

Tsiku logawa, alongo anga anasunga mawu awo. Pamaso pa onse anati laputopu ikhale ya bambo ake a malemu, ndipo wina asaiyang'ane ndi diso. Anaibweretsa okha kuchipinda, itakulungidwa m'chitenje chatsopano, nkhope yawo ili yowala.

"Alamu, ndakukonzetserani," anatero. "Ndinapita nayo ku Mayani. Wokonza uja anati munali zachilendo zimene anthu sagwiritsa ntchito kuno. Wafufuta zonse, waikamo zimene zili m'makompyuta a anthu onse. Tsopano mulibe chilichonse cha malemu, ingathe kugona m'nyumba popanda wodandaula. Ndamuuzanso aikemo nyimbo za kwaya ndi mafilimu, muzisangalala."

Anaiyatsa. Panabwera chithunzi cha mapiri a dziko lina. Ndinabaya waya wa chitini. Tinadikira kapu yathu yobiriwira. Sinabwere.

Amuna anga anandiyang'ana. Ndinatulutsa kafulashi m'kathumba ka korona n'kuwaonetsa.

"Zonse zili umu. Ananena yekha. Musadandaule."

M'mawa mwake ndinapempha mnansi kuti awayang'anire, ine n'kunyamula laputopu, fulashi ndi chitini kupita ku Mayani. Wokonzayo ndi bambo wamkulu ndithu, waimvi m'mbali. Kale ankakonza mawailesi, tsopano amakonza mafoni ndi kuikira anthu nyimbo. Kashopu kake kali pafupi ndi ogulitsa tomato, ndipo sipika yake imalira tsiku lonse. Nditamufotokozera, anazimitsa sipikayo.

"Mayi, alongo anuwo akanandiuza. Iwo anangoti ndi ya malemu, ndiyeretse."

"Zapita zimenezo, bambo. Zonse zili mufulashimu. Ingobwezeranimo."

Anabaya fulashi. Zithunzi zinalimo, ndinaiona kapu yathu. Anatsegula mawu amodzi, alamu anga n'kunena kuti "madzi" m'shopu monse. Anati pulogalamuyo ikufuna womasulira wake, ndipo anamukoka pa intaneti ndi foni yake n'kumuika. Kenako anaiyendetsa. Panatseguka kabokosi kakuda, panalembeka mizere ingapo, basi.

Anayesanso. Chimodzimodzi.

Anavala magalasi, natsegula zimene mwana wanga analemba. Anayendetsa chala pagalasi pang'onopang'ono, milomo ikugwedera.

"Apa yafunsa kuti ili pa sisitimu yanji," anatero. "Yayankhidwa. Ikanakhala ija ndinafufuta, ikanatsika njira iyi, onani kutalika kwake, mizere yonseyi. Koma poti ndi iyi ndaikayi, yakhotera uku. Ndipo uku kuli mzere umodzi wokha. Walemba kuti gawo ili silinalembedwe."

"Ananena. Anati adzalemba tikakolola."

Kenako ndinamufunsa:

"Simungalembe inuyo?"

"Ine, mayi? Ine ndimasintha magalasi a mafoni. Kuwerenga ndikuwerenga movutika chonchi, nanga kulemba? Imeneyo ndi sukulu ina." Anakanda kumutu. "Koma pali njira. Ndifufutenso, ndibwezeremo sisitimu ya mtundu womwe uja. Ndiyenera kuifuna kaye, sindinaiikepo chiyambire. Ndisiyireni."

Ndinamusiyira. Ndinapitako kawiri osapeza kanthu. Ulendo woyamba anati sisitimu yalowa koma ikukana kupereka batani kwa pulogalamu, ikuti ilibe chilolezo. Ulendo wachiwiri anati chilolezo wachipeza, koma pulogalamu ikuitana batani ndi dzina limene sisitimu yatsopanoyo siikulidziwa. Anali atafunsa anthu ena pafoni, ndipo maso ake anali ofiira. Sanandiuze kuti ndisabwerenso.

Ulendo wachitatu anandiona ndili patali, n'kutuluka m'shopu.

"Mayi! Bwerani mudzaone!"

Kapu yathu inali pagalasi. Inachoka, kunabwera bulangete. Anakanikiza chitini ndi chala chimodzi. "Ndikumva kuzizira," anatero alamu anga. Mayi wina wogulitsa tomato amene anasuzumira pakhomo anaomba m'manja. Wokonzayo anakanikizanso, nakanikizanso, ndipo nthawi iliyonse inkatchula zoyenera. Nkhope ya mwana wanga itafika, sanakanikize. Ine ndinakhala pa benchi.

Ndinafika kunyumba dzuwa lisanapendeke. Mbiri inali itandipitirira. Alongo anga anabwera ndi akazi awo, ndi anthu angapo a mphakati. Onse analowa kuchipinda, ena ataima kukhomo. Ndinakhazika amuna anga ndi mapilo, ndinaika laputopu pa mpando, chitini pansi pa dzanja lawo. Anali ataonda. Dzanjalo linkagwedezeka kuposa kale.

Zithunzi zinayamba kudutsa. Anatsitsa dzanja.

"Chidebe," inatero laputopu. "Chidebe. Chidebe."

Ndinathamangira chidebe. Anapukusa mutu mwamphamvu.

"Wailesi. Mkazi wanga. Mimba. Mimba. Chidebe. Amen."

Alamu anga aakazi anagwira pakamwa, koma kuseka kunatuluka m'mphuno. Sanachite dala. Wina kukhomo naye anaseka, kenako anatsokomola kuti abise. Amuna anga anayesa kuchotsa dzanja, ndipo pochotsapo linagundanso.

"Nditembenuzeni. Chidebe."

Ndinawapempha anthu kuti atuluke. Titatsala awiri ndinati tiyese zilembo, mwina zithunzi zikufulumira. Anayesa. Pagalasi panadzaza chilembo chimodzi chobwerezabwereza, kenako china. Ngakhale ine wa sitandade 3 ndinaona kuti si mawu.

Ndinabwereranso ku Mayani. Wokonzayo anamvetsera, natsegulanso mizere ija. Anawerenga nthawi yaitali.

"Ndaona," anatero. "Zosefa kunjenjemerazo sizili m'pulogalamu. Sisitimu imeneyi ili ndi kake kothandizira anthu a manja ovuta. Pulogalamu imangopempha kuti kayatsidwe. Koma miyeso yake, kuti munthu akanikize nthawi yaitali bwanji kuti ziwerengedwe, ndi kuti kugunda kotsatana kutayidwe mpaka pati, mwana wanu anaiika mu sisitimu momwemo. Sinali mufulashi." Anavula magalasi. "Inali mu zija ndinafufuta."

"Ndiye yatha?"

"Malo oikapo manambala ndawaona. Manambala akewo ndiwo sindikuwadziwa. Kwa ine inkagwira chifukwa dzanja langa silinjenjemera."

Lamulungu lotsatira anabwera yekha pa njinga yake atatuluka m'tchalitchi. Anagwada pambali pa bedi n'kupereka moni.

"Bambo, ndine ndinawononga. Tiyeni tiyese."

Anaika nambala. "Kanikizani, bambo." Laputopu inatchula zinthu zitatu. Anakweza nambalayo. "Kanikizaninso." Ulendo uno sinatchule kanthu, chifukwa pamene inkadikira kuti dzanja likhazikike, chithunzi chinali chitadutsa. Anatsitsa pang'ono. Inagwira kamodzi, tonse tinapuma, kenako inalakwitsa motsatizana. Anasintha nambala inayo. Zinasokonekeranso. Amuna anga anayamba kutopa, ndipo akatopa dzanja limavina kwambiri, moti nambala imene inagwira poyamba sinagwirenso.

Mwana wanga anachita zimenezi kwa milungu yambiri, akuseka ndi bambo ake, akudziwa nthawi yowasiya kuti apume. Munthuyu anali ndi masana amodzi, shopu yomudikira, ndi wodwala amene sankamudziwa.

"Kanikizaninso, bambo."

Amuna anga anakankha chitini ndi kuseri kwa dzanja. Chinagwa pansi, chinalendewera pa waya wake.

Wokonzayo anachitola, nachipukuta ndi malaya ake. Anandionetsa pamene manambala amalowa, ndi mmene ndingakwezere kapena kutsitsa. Anandiuza kuti ndiziyesa pang'onopang'ono tsiku lililonse. Anatinso ku Lilongwe aliko anthu odziwa zimenezi, koma ngakhale iwowo sangakonzere kutali, ayenera kukhala pambali pa dzanjali. Tinayang'anana. Tonse tinkadziwa kuti palibe wa ku Lilongwe amene angabwere kudzakhala pamphasa yathu.

Ndinayesa. Manambala ndimawadziwa, ndimagulitsa kachewere. Koma ndikakweza iyi sindinkadziwa ngati ndi imeneyo yathandiza kapena ndi dzanja lakhala bwino tsiku limenelo. Tsiku lina ndinakhudza pena pake, zilembo zonse pagalasi zinakula, ndipo ndinatha masiku ndisanazibwezere. Amuna anga ankalola kuyesa kamodzi kapena kawiri, chifukwa cha ine. Kenako anayamba kubisa dzanja m'bulangete ndikangotsegula laputopu.

Nthawi yokolola anayamba kubuula. Ankakana phala, ankakana ngakhale tiyi. Ndinawagwira msana, mimba, miyendo, ndikufunsa kuti ndi apa? Ankatseka maso. Ndinayesa malungo, ndinawapatsa mankhwala a malungo. Ndinayesa ndi chisoni cha mwana. Ndinawachonderera kuti ayese batani kamodzi kokha, zithunzi za thupi zokha. Anatulutsa dzanja. Linati mwendo, mutu, mwendo, khomo. Ndinawasisita mwendo usiku ndi usana.

Tsaya litatupa m'pamene mlangizi wa zaumoyo anawatsegula pakamwa ndi supuni n'kuunika ndi foni. Linali dzino lakumapeto, lothyoka, chingamu chitadzaza mafinya. Anati layamba kale. Tinawanyamula pa ngolo mpaka pamsewu, n'kukalichotsa kuchipatala. Chithunzi cha pakamwa chinalimo m'laputopu muja nthawi yonseyi, pakati pa mimba ndi kapu.

Titabwerako, atayamba kumwanso phala, ndinaganiza kuti tsopano avomera kuti tilimbikire. Ndinadikira m'mawa wina kutatentha pang'ono, atadya, atapuma. Ndinakoka mpando, ndinatsegula laputopu, ndinaika chitini pabedi.

Sanabise dzanja. Anandiyang'ana mpaka ndinawayang'ana. Kenako anayang'ana laputopu, n'kuyang'ana kukhomo. Anabwereza. Laputopu, khomo.

"Mukufuna kutuluka panja? Kukawotha dzuwa?"

Anapukusa mutu. Laputopu, khomo.

"Ndiitane wokonza uja?"

Anapukusa mutu, kaliwu kaja kakutuluka mokwiya.

"Ndiichotse muno?"

Anatseka maso n'kuwatsegula, pang'onopang'ono, monga amachitira povomera.

"Lero lokha?"

Anapukusa mutu.

"Bambo, tikaichotsa mulankhula ndi chiyani? Mwaona za dzino lija. Tingopirira pang'ono, mwina ndipeza."

Anangondiyang'ana. Sanakwiye. Anadikira, monga munthu amene wanena kale ndipo sabwereza.

Chichokereni mwana wathu, palibe chimene anandiuza chomveka bwino ngati chimenecho. Ndinatseka laputopu, ndinakulunga waya kuzungulira chitini, ndinatuluka nazo. Ndinaziika pamwamba pa kabati pabalaza, n'kuphimba ndi nsalu chifukwa cha fumbi.

Alongo anga amabwera kawirikawiri. Amadula nkhuni, amathandiza kuwanyamula powasambitsa. Za laputopu sitikambirana. Tsiku lina anaima pafupi ndi kabati nthawi yaitali, chipewa chili m'manja, kenako anafunsa ngati denga la khola likudonthabe.

Masiku ano amuna anga ayambanso kubuula, makamaka ndikawakhazika. Pakamwa ndayang'anamo, mulibe kanthu. Msana ulibe chilonda. Dzulo ndinayamba kumutu mpaka kumapazi, ndikugwira paliponse ndi kufunsa. Pena anatseka maso pamene ndinagwira nthiti, koma mwina kunali kutopa chabe. Mlangizi wa zaumoyo akuti abwera sabata ya mawa ngati njinga yake yakonzedwa.